Eyiti Pansi pa Nsapato za Alamu

Alamu anga, amene anakwatira mlongo wanga wamkulu, ayendetsa basi ya ana asukulu kwa zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo m'zaka zonsezo mowa sanaulawepo ngakhale wapasupuni. Kudepoti anzawo amawatcha Abusa. Sikuti amalalikira ayi, munthuyo mawu amachita kuwaumira ngati amawagula, koma akangolowa m'chipinda chopumira madalaivala nkhani zolaula zimazima zokha. Amadzuka faifi isanakwane, amazungulira basi yawo kawiri akugogoda matayala, ndipo kansalu kopukutira galasi amachita kukasita. Mwana akaiwala botolo lamadzi pampando, iwo amakalitula kwawo poweruka. Mlongo wanga amati anakwatiwa ndi wotchi, ine ndimamuyankha kuti wotchi bola, imalirako.

Ine ndimasoka nsapato. Kashopu kanga kali pakati pa wometa tsitsi ndi wokonza mafoni, moti tsiku lonse ndimamva mabodza a mbali ziwiri osalipira.

Lolemba lina, seveni koloko itangokwana, nthawi imene anayenera kukhala ali pamsewu ndi ana makumi asanu kumbuyo kwawo, ndinaona alamu ataima pakhomo pa shopu, yunifolomu ili m'thupi, kalata ili m'manja. Ndinawafunsa ngati basi yawathawa. Sanaseke. Anandipatsa kalatayo n'kukhala pa benchi ya makasitomala.

Inali yochokera ku kampani yawo. Anawaimitsa kaye ntchito, ndipo Lachisanu la sabata yotsatira anayenera kukaonekera pamaso pa komiti pa mlandu woyendetsa ana ataledzera. Umboni anauyala bwinobwino. Alamu anakhula chipilala cha geti la sukulu ndi basi. Patangopita masiku asanu anaphwanya njinga yoimika m'mbali mwa msewu, mwini wake atangotsikapo. Kholo lina linalemba kuti dalaivala amafika nkhope ili yotupa, thukuta lili kamukamu, lilime likulemera. Mlonda wa pasukulu anawapeza masana ali m'tulo pachiwongolero, mkonono ukumveka kunja. Kumapeto analemba kuti ngati pali matenda, abwere ndi kalata ya dokotala yotchula matendawo. Kupanda apo, adzachotsedwa ntchito ngati chidakwa.

Kapitawo wawo, amene akhala naye zaka zambiri, anali atawakokera kale pambali. Anawauza kuti komitiyo amaidziwa bwino: munthu wokakamira kukana amamuchotsa, koma wovomera kuti analawako pang'ono n'kupepesa amangomupatsa chenjezo lomaliza, Lolemba n'kubwerera pachiwongolero. Alamu anandifotokozera zimenezi akuyang'ana zikhatho zawo.

"Ndivomere mowa umene sindinamwe, alamu?"

Ndinati tiyambe taona kaye adokotala. Nthabwala tsiku limenelo ndinalibe ina.

Kunena zoona, munthuyo sanali bwino kuyambira kale. Mutu unkawapweteka kuseri kwa maso. Malaya ankasintha kawiri patsiku ngakhale nyengo yozizira. Mkonono unafika poti mlongo wanga anasamukira kuchipinda cha ana. Mawu anayamba kumveka ngati akulankhulira m'ndowa, ndipo khosi linatupa pang'ono kutsogoloku, batani lapamwamba la yunifolomu n'kusiya kumangika. Mlongo wanga anati chimenechi ndi chithokomiro, poti mayi awo a alamu anali nacho. Kukiliniki yakufupi anapitako katatu. Koyamba anawapatsa mapiritsi a kuthamanga kwa magazi. Kachiwiri anawauza kuti achepetse mchere ndi thupi lomwe. Kachitatu anawatenga magazi oyeza chithokomirocho, zotsatira n'kubwera zoti zonse zili bwino. Ife a pabanja tinkangoti ndi ukulu komanso kuphikiridwa bwino. Munthu amene umamuona tsiku ndi tsiku sumuona akusintha, umangozolowera nkhope yatsopano ngati mmene umazolowerera mng'alu wa pakhoma.

Kuchipatala chachikulu kuli dokotala wa matenda a mahomoni, timadzi tam'thupi timene timayendetsa kakulidwe, kutentha ndi mphamvu za munthu. Dokotalayo amaona odwala Lachitatu lokha. Mlongo wanga anachita kugwada kukiliniki kuti awapatse kalata yowatumiza kumeneko, ndipo Lachitatu loyambalo anapita awiri.

Madzulo ake anadutsira kushopu kwanga yekha, alamu atatsogola kunyumba. Anavula nsapato n'kutambasula miyendo, nayamba kufotokoza. Anati dokotalayo ndi mayi wachitsikana, wosathamanga polankhula. Anagwira khosi la alamu, koma kenaka anasiya khosilo n'kuyamba kuyang'ana manja, kuwatembenuza uku ndi uku nthawi yaitali. Anafunsa ngati mphete inayamba kuthina. Alamu mphete savala, amati imakola pa giya. Anafunsa ngati manjawo anali aakulu chibadwire, alamu n'kunena kuti bambo awo analinso ndi manja ngati mafosholo. Kenaka anafunsa ngati saizi ya nsapato yasintha m'zaka zapitazi.

"Ndiye mlamu wakoyo, ukumudziwa," anatero mlongo wanga, "anavula nsapato pompo n'kuitembenuza. Akuti onani nokha adokotala, eyiti, kuyambira tsiku la ukwati wanga."

Dokotala anaona nambalayo, nanena kuti ndiye mwina si zimene amaganizira. Anati ayezenso chithokomiro mozama, zotsatira zituluka Lolemba, ndipo kalata sangalembe asanapeze chimene akulembera.

Nyundo inali m'manja mwanga. Ndinaiika pansi pang'onopang'ono. Mlongo wanga anafunsa ngati ndadzimenya chala, ine ndinati ayi, ndi fungo la guluu.

Nsapato za alamu ndimasoka ndine, peyala imodzi chaka chilichonse sukulu zikamatsegulira. Kasokedwe kanga ndi kamene ndinaphunzira kwa mkulu amene anandilera pa ntchitoyi: munthu amaponda pa katoni, ndimazunguliza phazi ndi pensulo, ndimalemba chaka pakati, ndikatha ntchito katoniyo ndimaikoloweka pa msomali. Kasitomala aliyense wokhazikika ali ndi msomali wake. Sinditaya katoni, ngakhale ya munthu amene anamwalira.

Zaka zisanu ndi zinayi zapitazo alamu anabweza nsapato patangotha miyezi inayi, akuti ikuthina, chikopa changa n'chabodza. Nditawapondetsanso pa katoni ndinaona kuti mzere watsopano watuluka kunja kwa wakale. Ndinawauza mosabisa kuti phazi lawo lakula. Apa ndiye ndinaponda njoka. Alamu ali ndi chinthu chimodzi chokha chimene amanyadira pathupi pawo, ndicho phazi laling'ono. Amati dalaivala weniweni amamva buleki ndi chala chimodzi, ndipo mapazi anga, amene ndi aakuludi, amawatcha mabwato. Anati munthu wa zaka makumi anayi sakula phazi, ndikungofuna pobisalira ntchito yanga yosalongosoka. Mwezi wathunthu sanandiyankhule. Mlongo wanga anabwera kudzandiuza kuti wamkulu salakwa, ndikonze zinthu mwanjira iliyonse, iye watopa kukhala pakati.

Ndiye ndinakonza. Ndinasoka nsapato yokulirapo, ndinatenga chidindo chachitsulo, n'kudinda eyiti pa soli, pansi pa nsapatoyo. Alamu atavala anati eya, tsopano mwagula chikopa chenicheni. Chaka chotsatira mzere unatulukanso, ine eyiti. Chaka china, eyiti. Zikombole zanga zoumbira nsapato zitachepa ndinachita kumatapo zikopa m'mbali kuti zifutukuke. Nsapato imene anavula pamaso pa dokotala ija inali leveni, ndipo m'lifupi mwake ndinalibe nambala yoitchula. Nkhaniyi ndinkaikamba kwa wometa tsitsi tikamamwa tiyi, iye n'kumaseka mpaka kutsamwa. Inali nthabwala yanga yabwino kuposa zonse.

Mukuganiza kuti ndinathamanga kukaulula madzulo omwewo? Ayi. Ndinadziuza kuti ine si dokotala, phazi ndi khosi n'zotalikirana, tidikire Lolemba. Masiku anayi ndinasoka mokhota. Nsapato ya mayi wina ndinaimata chidendene cha nsapato ya mwamuna wake. Wometa tsitsi, amene ankadziwa zonse, anasiya kundiitanira tiyi, akangondiona ankayang'ana kumsomali kuja.

Lolemba zotsatira zinatuluka. Namwino wa pawindo anauza mlongo wanga kuti chithokomiro chikugwira ntchito mofookerako, koma tanthauzo lake anganene ndi dokotala yekha, Lachitatu. Anawonjeza kuti manambala oterowo paokha sagonetsa munthu pachiwongolero. Panali patatsala masiku anayi. Madzulo amenewo kapitawo anaimba foni, kuwauza alamu kuti asachite makani, pakamwa ndi pawo pomwe, mawu awiri okha ntchito yapulumuka.

Lachiwiri masana ndinatseka shopu, ndinachotsa makatoni onse pa msomali, n'kupita kwawo. Ndinapeza mlongo wanga akuchapa kuseri. Ndinayamba ndi iye, poganiza kuti magazi amodzi andimvera chisoni. Anandimvetsera manja ali m'thovu mpaka ndinamaliza.

"Iwe," anatero, "zaka zonsezi ine ndikuzungulira m'zipatala ndi munthu, yankho uli nalo pa msomali?"

Ndinamukumbutsa kuti anati ndikonze mwanjira iliyonse. Anandiyang'ana mmene ankandiyang'anira ndili mwana ndikanyowetsa mphasa, n'kundilozera chitseko cha pabalaza ndi chibwano.

Alamu anali pampando, wailesi ili chete. Ndinayala makatoniwo pansi motsatana zaka, kuyambira kukhomo mpaka kumapazi awo, ngati mapazi a munthu amene akubwera n'kumakula. Ndinafotokoza zonse. Ndinkayembekeza kuti akalipa, ndipo ndikanakonda akanakalipa. Iwo anawerama, natola katoni yoyambirira, naiika pansi pa phazi lawo. Phazi linaikwirira yonse, zala n'kutsala panja.

"Ndiye mwakhala mukundiseka," anatero.

Ndinati inde.

Patapita nthawi anauza mlongo wanga kuti mawa apita ndi ine, iye apume.

Lachitatu tinafika kuchipatala sikisi koloko n'kupeza mzere utafika kale pamasitepe. Anatipatsa nambala 34, ndipo mayi wina wa kutsogolo kwathu anatiuza kuti sabata yatha dokotala analekezera pa 30 chifukwa anaitanidwa kuwodi. Tinakhala pa benchi yachitsulo m'khonde lopanda mawindo. Alamu thukuta linali kuyenderera m'khosi. Ine ndinakumbatira jumbo la makatoni ngati muli mazira. Nthawi iliyonse chitseko chikatseguka ndinkawerenga mitu yotsala. Cha m'ma leveni dokotala anatuluka ndi foni kukhutu, ndipo anatha mphindi makumi anayi asanabwerere. Alamu sanandiyankhule mawu ngakhale amodzi mmawa wonsewo, kupatula pamene ndinawapatsa madzi, anati zikomo ngati akuthokoza mlendo.

Itakwana thuu koloko namwino analengeza kuti aona anthu atatu okha, ena adzabwere sabata yamawa. Anali pa 31. Ndinawerenga zala kawiri, koma masamu ake sanasinthe. Ndinaimirira n'kupita kwa namwinoyo. Ndinamuuza kuti sindikupempha kudumpha mzere, ndikungopempha kuti alowetse jumboli kwa adokotala, awauze kuti ndi mapazi a bambo wa eyiti wa sabata yatha. Anasuzumira m'jumbomo, nandiyang'ana ngati ndasokera wodi. Komabe analitenga.

Nambala 33 atatuluka, chitseko sichinatsekedwe. Dokotala mwini anasuzumira kunja makatoni ali m'manja, nafunsa kuti mwini mapaziwa ali kuti.

M'katimo anawasanjikiza pa thebulo, yaing'ono pamwamba, yaikulu pansi, m'mphepete mukuoneka ngati masitepe. Anafunsa kuti wajambula ndani, ndipo zakazo n'zoona kapena ndalemba dzulo. Ndinati n'zoona, pensulo ya chaka chilichonse ikuoneka kufufuma kwake.

"Ndiye eyiti ija inachokera kuti, bambo?"

"Ndinadinda ndine, adokotala. Pofuna mtendere."

Anandiyang'ana kanthawi, koma analibe nthawi yondiweruza. Anakhazika alamu pampando moyang'anizana naye, mawondo pafupi kugundana. Anawauza kuti atseke diso limodzi, linalo ayang'ane pamphuno pake osasuntha, ndipo anene akangoona chala chikugwedera. Anatambasula dzanja kumbali n'kuyamba kulibweretsa pang'onopang'ono akugwedeza chala. Ine ndili kukhoma ndinkachiona bwinobwino. Chala chinayenda, chinayenda, alamu ali duu. Chinadutsa pamene munthu aliyense akanati ndachiona. Chinafika pafupifupi kutsogolo kwa nkhope yawo.

"Pano," anatero alamu.

Diso linalo chimodzimodzi, mbali yakunja. Pamenepo ndinakumbukira chipilala cha geti chija ndi njinga ija, ndipo ndinaganiza za ana amene amathamangira basi kuchokera m'mbali.

Dokotala anafotokoza mosazungulira. Anati pansi pa ubongo, kuseri kwa mphuno, pali kachiwalo kakang'ono ngati nyemba kamene kamalamula ziwalo zina zotulutsa mahomoni, chithokomiro chomwe. Pakamera chotupa pamenepo, nthawi zina kamatulutsa mahomoni okulitsa thupi mopyola muyeso. Munthu wamkulu sangatalikenso, ndiye zimakula ndi manja, mapazi, chibwano ndi lilime, n'chifukwa chake mkonono, kulemera kwa mawu ndi tulo ta masana. Chithokomiro chimangofooka chifukwa bwana wake wadwala. Chotupacho chikakula chimapanikiza mitsempha ya maso, munthu n'kumaona kutsogolo kokha ngati akusuzumira m'paipi, iye osadziwa. Anati kuti atsimikize pafunika magazi ena ndi kujambula m'mutu, zimene zitenga masabata, komanso kuti matendawa ali ndi chithandizo, mwina opaleshoni. Koma zimene waona ndi maso ake zinali zokwanira kulemba kalata.

Analemba ndime ziwiri. Yoyamba inati zizindikiro zonse zimene bamboyu akumunenera zikugwirizana ndi matenda amene akuwafufuza, osati mowa. Yachiwiri inati maso ake saona m'mbali, ndipo asayendetse galimoto ya mtundu uliwonse mpaka madokotala atanena.

Alamu anawerenga kawiri. Anapempha mwaulemu ngati ndime yachiwiriyo ingadikire kaye mpaka zotsatira zitabwera. Dokotala anati ayi. Anati akanakhala mwana wake m'basimo sakanadikira, ndipo anadinda chidindo chake.

Lachinayi masana alamu anabweranso kushopu. Anaika kalata ija pa thebulo langa lodulira zikopa, pafupi ndi mpeni ndi lula yoyezera. Anayamba ndi kunena kuti kapitawo waimbanso. Kenaka anati zaka zawo zapita, palibe kampani ingalembe munthu wodikira opaleshoni ya m'mutu, ndipo iwo ntchito ina saidziwa. Anati akhala akuyendetsa bwinobwino potembenuza mutu, angowonjeza kusamala.

"Inu alamu muli ndi dzanja," anatero osandiyang'ana. "Simungaidule pakatipa, yapamwambayi itsale yokha?"

Munthu amene sanabepo ngakhale mphindi imodzi ya kampani. Ndinayang'ana kalatayo. Siginecha ndi chidindo zinali pansi, chidindocho chitaluma mzere womaliza wa ndime yachiwiri. Ndikanatha kunena kuti sizingatheke chifukwa cha chidindo, n'kuthera pomwepo. Koma ndinawauza kuti ngakhale chidindo chikanakhala pamwamba sindikanadula, ndinawanamizapo kale kokwanira. Anapinda kalatayo, naiika m'thumba la malaya, n'kutuluka. Sindinadziwe ngati mawa lake idzatuluke m'thumbamo.

Lachisanu mlongo wanga anati iye sapita, akapita akalankhula zoti amangidwe nazo. Malamulo a kampani amalola woimbidwa mlandu kubwera ndi munthu mmodzi wongokhala chete, ndiye ndinapita ine, munthu amene kukhala chete sikunandiyanjepo. Kachipinda kake kanali pamwamba pa galaja, fungo la dizilo likukwera m'masitepe. Kuseri kwa thebulo kunali mayi woyang'anira antchito, mlembi, ndi kapitawo uja, amene anatsinzinira alamu diso tikulowa.

Mlembi anawerenga mlandu wonse, chipilala, njinga, kalata ya kholo, mkonono. Mayi uja anafunsa ngati pali kalata ya dokotala. Anafunsanso kuti ngati palibe, kodi akuvomera kuti anamwa? Anawonjeza kuti komiti imamvera chisoni munthu wovomera. Kapitawo anagwedeza mutu pang'ono, kuwalimbikitsa. Pansi pa windo mabasi anali kulizidwa, kukonzeka kukatenga ana a masana. Dzanja la alamu linali pa bondo, ndipo ndinaona zala zikuluzikuluzo zikufinya nsalu ya buluku. Ndinaluma lilime langa mpaka kumva mchere.

Alamu anakweza dzanja, natulutsa kalata, naitambasula pa thebulo ndi zikhatho zonse ziwiri.

"Muwerenge yonse, mayi. Mpaka pansi."

Mayiyo anawerenga, napatsira kapitawo. Kapitawo atafika pa ndime yachiwiri anavula magalasi n'kuyang'ana kudenga. Komiti inatitulutsa kwa mphindi khumi. Titabwerera, mayi uja anati mlandu wa mowa wafafanizidwa. Anati alamu apita pa tchuthi cha odwala cha miyezi itatu, ikatha adzaona ngati pali ntchito ya pansi imene angagwire, koma sakulonjeza kanthu. Kenaka anapempha makiyi a basi.

Alamu anawachotsa pa lamba n'kuwaika pa thebulo. Anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti kampani ilembere kholo lija ndi mlonda wa pasukulu kuwauza kuti sunali mowa. Mlembi anayang'ana mayi uja, mayiyo anati lembani.

Tinatsika masitepe. Madalaivala amene anali pabwalo anasiya nkhani zawo, mmodzi anayamba kubwera, alamu anangomukwezera dzanja n'kupitirira. Kunja kwa geti kuli msewu waukulu wa magalimoto othamanga, ndipo pokwerera pathu panali tsidya linalo. Alamu anaima m'mphepete. Anatembenuza mutu wonse kumanja, kenaka wonse kumanzere, kenaka kumanjanso. Mpata unapezeka, anthu ena anawoloka, iwo sanasunthe. Unapezekanso wina, osasuntha.

Kenaka ndinamva dzanja lawo likugwira mkono wa malaya anga.

"Muziona m'mbalimo ndinu," anatero. "Koma munene zoona."

Ndinadikira lole ina idutse, ndi njinga yamoto imene inali kubisala kuseri kwake. Kenaka ndinati tiyeni, ndipo tinawoloka.